Kutsitsa Giyabokosi, Injini Iri M'malo Mwace

Lero m'phunziro lathu la sayansi tilowa pansi pa galimoto. Tilowako ndi maganizo okha. Matupi anu akhale pa mipando pomwe mulipo, ndipo cifukwa cace mudzacimva nkhani isanafike pakati.

Ambiri a inu munaonapo galimoto itaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, miyendo ya munthu itatulukira kunsi kwace. Mwina anali atate anu, mwina amalume, mwina makanika wa m'komboni mwanu. Kawiri-kawiri munthu wotere amakhala akulimbana ndi citsulo cimodzi colemera cimene cichedwa giyabokosi. Alipo anthu amene amaganiza kuti wofuna kucotsa giyabokosi ayenera kuyamba wazula injini yonse ndi unyolo wopacika ku nthambi. Pa magalimoto ambiri siziri tero ai. Giyabokosi itha kutsika yokha, injini nikhala m'malo mwace. Tifuna kuona cifukwa cace zimenezi zitheka, ndiponso cimene ciyenera kusamalidwa kuti wogwira nchitoyo atuluke pansipo ali wamoyo ndi wamphumphu.

Tiyambe ndi njinga, popeza njinga muidziwa nonse. Pa zopalasira pali gudumu lalikulu la mano, ndipo kumbuyo kuli lina laling'ono. Unyolo ndiwo uwalumikiza. Ngati lalikulu liri ndi mano 44 ndipo laling'ono liri ndi mano 22, mukapalasa kamodzi gudumu la kumbuyo lizungulira kawiri. M'giyabokosi nkhani ndi yomweyo, koma yotembenuzidwa: laling'ono ndilo liyendetsa lalikulu. Gudumu la mano 15 likamayendetsa la mano 45, liyenera kuzungulira katatu kuti linzacelo lizungulire kamodzi. Liwiro lacepa katatu, koma mphamvu yopotokola yakula katatu. Injini iri ndi liwiro lambiri; ngakhale galimoto itaima, injini ikungolira, imazungulira nthawi 700 kapena 800 pa mphindi imodzi. Cimene iperewera ndico mphamvu yodzutsira katundu. Pa giya yoyamba injini izungulira pafupi-fupi kanai kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi, pamene pa giya yacinai ziwirizo ziyendera limodzi. Ndico cifukwa cace woyendetsa lole yodzala cimanga, pokwera mapiri a pafupi ndi mlatho wa Luangwa pa mseu waukulu wa ku Chipata, amabwerera ku giya yaciwiri kapena yoyamba. Agula mphamvu, nalipira ndi liwiro.

M'caka ca 1891, ku France, Émile Levassor wa kampani ya Panhard et Levassor anakonza galimoto imene ziwalo zace anazindandalika motere: injini patsogolo, kenaka kilachi, kenaka giyabokosi, ndipo mphamvu inali kupita ku magudumu a kumbuyo kudzera pa unyolo. Mu 1898 Louis Renault anaika shafuti yaitali m'malo mwa unyolowo. Dongosolo lomweli ndilo mulipeza pa malole, pa maminibasi a Toyota Hiace, ndi pa vaneti ya Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968. Citsanzo cathu lero cikhale vaneti ya Hilux yakale, ya magiya osintha ndi dzanja, yoyendera magudumu a kumbuyo okha.

Pa galimoto yotere injini ndi giyabokosi sizigawana kanthu m'kati, ngakhale mafuta. Injini iri ndi oilo wace, giyabokosi irinso ndi wace. Zikumana pa malo awiri okha. Kunja, kutsogolo kwa giyabokosi kuli citsulo cotambasuka cooneka ngati belu la sukulu, ndipo m'mphepete mwa belulo muli mabawuti olimangira ku msana wa injini. M'kati mwa belumo muli kashafuti kamodzi, kosemedwa mizere m'litali mwace, kamene kangolowa m'bowo la pakati pa puleti ya kilachi monga kiyi alowera m'loko. Pamenepo palibe bawuti. Mukamasula mabawuti a kunja aja ndi kukokera giyabokosi kumbuyo, kashafutiko kangosololoka.

Si galimoto iriyonse imene ilola zimenezi. Pa Volkswagen Beetle injini iri kumbuyo kweni-kweni, ndipo ndiyo iyamba kutsika giyabokosi isanakhudzidwe. Pa Mini ya ku Britain, imene inatuluka mu 1959, magiya ali kunsi kwa injini ndipo asamba m'oilo mmodzi ndi injiniyo, motero ziwirizo zituluka pamodzi. Munthu ayambe wafunsa, kapena awerenge buku la galimoto yaceyo, asanagwire sipanala.

Tsono cherani khutu, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Amai anu pophika nsima pa moto wa nkhuni amaika mphika pa mafuwa atatu. Injini ndi giyabokosi, zitamangidwa pamodzi, zikhalanso pa mafuwa atatu: mitsamiro iwiri ya mphira iri m'nthiti mwa injini, uku ndi uku, ndipo wacitatu uli pansi pa mcira wa giyabokosi, pa mtanda wacitsulo wopingasa galimoto. Wocotsa giyabokosi wacotsa fuwa lacitatu. Injini yotsala pa mafuwa awiri ipendekeka, kaya kumbuyo kaya kutsogolo, ndipo popendekekapo fani itha kugunda rediyeta, mapaipi a madzi kukokeka, mawaya kuduka, ndi zala za munthu kupanikizika pakati pa zitsulo. Injini ikhala m'galimoto, inde, koma iyenera kubwerekedwa fuwa lina kufikira giyabokosi itabwerera. Fuwa lobwerekalo ndilo jeke yoikidwa pansi pa sampu, beseni lija losungamo oilo, ndipo pakati pa jeke ndi sampu pakhale thabwa locindikala. Citsulo ca sampu ndi copyapyala. Jeke yopanda thabwa icifwaphitsa, ndipo sampu yofwaphika itha kutseka kamwa la paipi yoyamwa oilo, injini yabwino-bwino nifa ndi ludzu.

Kodi munthu adzivutitsiranji ndi nchito yonseyi? Nthawi zambiri giyabokosiyo iribe mlandu. Imatsika cifukwa iri kutseka njira ya ku kilachi. Kilachi ndi puleti yopanikizidwa ku gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, lochedwa fulaiwilo. Woyendetsa akaponda copondera ca kumanzere, puletiyo imasuka ndipo injini ilekana ndi magiya. Akacotsa phazi, zigwirananso. Puleti imeneyi imatha monga nsapato ithera. Ikatha, injini ilira kwambiri pokwera phiri koma galimoto siwonjezera liwiro, ndipo mumamva fungo longa la nsanza yopsa. Puleti yatsopano ndi yaing'ono, mutha kuinyamula m'cola ca mabuku, koma palibe khomo lina loilowetsera koma pocotsa giyabokosi. Zifukwa zina ndi izi: oilo wa injini akamadontha kunsi kwa belu, kapena giya ikamatuluka yokha galimoto iri pa ulendo.

Nchito iyamba ndi kusankha malo. Pakhale posalala ndi polimba, makamaka pa simenti. Pa dothi, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala kufikira Epulo, cinthu coima bwino m'mawa citha kutitimira masana, motero pansi pa cocirikiza ciriconse payalidwe thabwa lotambalala. Magudumu amene atsala pansi achingidwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Vaneti imene tiri kunenayi ilemera makilogalamu oposa 1,000. Jeke inapangidwira kukweza, osati kusunga. Ya mafuta ija imadalira kamphira kakang'ono m'kati mwace, ndipo kamphirako kakang'ambika galimoto itsika mwadzidzidzi, yosacenjeza. Galimoto ikakwera, iyenera kukhazikidwa pa masitandi acitsulo oikidwa pansi pa chasisi, mafupa aja awiri aatali amene thupi lonse likhalapo. Kumene kulibe masitandi, zipika zazikulu za mtengo wolimba monga tsanya, zodulidwa mosalala ndi zogonekedwa copingasana, zigwira nchito. Koma njerwa ndi mabuloko a simenti, toto. Ndiona zimenezi m'makomboni mwathu kawiri-kawiri, ndipo mtima umandidumpha. Mtengo ukamalemedwa umalira ndi kupindika, nupatsa munthu kanthawi kothawa. Buloko liphwanyika nthawi imodzi. Munthu asanalowe pansi, agwedeze galimotoyo mwamphamvu ali ciriri pambali pace. Ngati iti igwe, igwe pamenepo. Matayala amene acotsedwa akankhiridwe pansi pa chasisi, kuti zikavuta galimoto igwere pa iwo. Ndipo munthu asagwire nchitoyi ali yekha pa khomo.

Ananu, gawo lanu ndi ili. Pansi pa galimoto yokwezedwa si malo anu, ngakhale mpira utagubuduzikira komweko, ngakhale amalume atakutumani kukatola nati imene yagwa. Ikokedwe ndi ndodo. Musakwere m'galimotomo, musaitsamire. Nchito yanu yaikulu ndiyo kuyang'anira ang'ono anu okwawa kuti asayandikire. Mungathenso kusunga mabawuti, ndipo posacedwa mumva kuti nchito imeneyo si yaing'ono.

Tiyerekeze tsono kuti mwakula, ndipo sipanala iri m'manja mwanu. Coyamba mumasula waya wa batire wa ku cizindikiro ca kucotsera, kamzere kaja. Muyamba ndi umenewo cifukwa ndiwo wolumikizidwa ku thupi la galimoto. Waya wonenepa wopita ku sitata umakhala ndi magetsi nthawi zonse, ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo sipanala ikaukhudza pamodzi ndi citsulo ca galimoto imathetheka moto wotha kuocha dzanja. Kenaka mulowa m'kati, muika giya pa fulii, mucotsa mphira yophimba tsinde la ndodo ya magiya, ndi kuzula ndodoyo. Bowo lotsalalo mulitseke ndi nsanza yoyera kuti mcenga usagweremo.

Pansi, muyamba ndi kukhetsa oilo. Giyabokosi iri ndi mapulagi awiri, yothirira m'nthiti ndi yokhetsera kunsi. Masulani yothirira coyamba. Munthu amene akhetsa oilo yense, napeza pambuyo pace kuti pulagi yothirira yakana kumasuka, wadzichera msampha yekha. Pulagi ya kunsi nthawi zambiri iri ndi maginito, muiyang'ane bwino. Fumbi losalala lacitsulo lomatirirapo si lodetsa nkhawa, koma mukapezapo tizibenthu ta mano, dziwani kuti matenda ali m'kati mwa bokosimo. Oilo wakaleyo asungidwe m'cigubu cotseka. Asatayidwe pansi pafupi ndi citsime kapena m'ngalande, ndipo asapakidwe pa cironda ca munthu kapena ca ciweto.

Cotsatira ndico puropushafuti, paipi yaitali ija yocokera ku mcira wa giyabokosi kupita ku difu pakati pa magudumu a kumbuyo. Musanamasule mabawuti ace anai a ku difu, lembani mzere wa penti kapena coko wodutsa pa zitsulo ziwiri zokumanazo, kuti pobweza zikumane monga zinaliri. Ikabwerera mopotoka, galimoto itha kumanjenjemera pa liwiro. Pano pali ngozi imene ambiri saiganizira. Galimoto yosiyidwa m'giya siyenda cifukwa magudumu agwidwa ndi injini kudzera pa shafuti imeneyi. Shafutiyo ikacoka, giya sigwiranso kanthu. Pa Land Rover yakale nkhani ikula, pakuti handibuleki yace siri ku magudumu, iri kumbuyo kwa giyabokosi, ndipo igwira shafutiyo. Wocotsa shafuti pa Land Rover yotere wacotsa handibuleki yomwe. Zipika zija za ku magudumu ndizo zokha zotsala.

Zinthu zing'ono-zing'ono zomangirira pa giyabokosi zicoke zonse: nthambo ya sipidomita, mawaya a nyale ya rivesi, waya wa magetsi womangidwa ku thupi, sitata, ndi cogwirira paipi ya utsi. Kasilinda kakang'ono kokankha kilachi kamasulidwe ndi kupacikidwa pambali ndi waya, paipi yace ya mafuta osaimasula. Aliyense auzidwe kuti asaponde kilachi pa nthawi imeneyi. Akaponda, kapisitoni kathamangira kunja ndipo mafuta onse atayika.

Tsopano jeke yoyamba, ndi thabwa lace, ilowe pansi pa sampu. Jeke yaciwiri, makamaka ya magudumu, ilowe pansi pa giyabokosi, ndipo giyabokosiyo imangidwe ku jekeyo ndi lamba. Pokhapo ndipo mtanda uja wa fuwa lacitatu umasulidwe. Mutsitsa majeke onse awiri pang'ono, masentimita owerengeka cabe, mnzanu ali kuyang'ana pansi pa boneti kuti aone ngati cina ciri kukokeka. Kupendeketsa kumeneku ndiko kutsegula njira ya ku mabawuti a pamwamba pa belu, amene abisala pafupi ndi thupi la galimoto. Amakanika amawafikira cakumbuyo, atalumikiza mikono iwiri kapena itatu ya soketi. Mabawuti a belu sali olingana kutalika. Apa ndipo mwana wa sukulu athandiza: jambulani belu pa katoni, boolani mabowo mozungulira, ndipo bawuti lirilonse likatuluka lilowetsedwe m'bowo lace la pa katonipo. Bawuti lalitali lolowa m'bowo lalifupi lifika pansi lisanamange kanthu, ndipo wolikakamiza amang'amba citsulo.

Mabawuti onse atatuluka, giyabokosi ikokedwe kumbuyo molunjika, moigwedeza pang'ono uku ndi uku, mpaka kashafuti kaja katatulukiratu m'kilachi, mtunda wa masentimita 10 kapena kuposerapo. Isatsitsidwe kashafutiko kasanatuluke, ndipo isasiyidwe ikulendewera pa iko ngakhale kamphindi, pakuti kulemera kwace kupinda puleti ya kilachi. Ikakana kusuntha, musaimenye ndi nyundo. Werenganinso mabawuti, limodzi latsala. Giyabokosi ya vaneti yotere ilemera pakati pa makilogalamu 30 ndi 50. Wina anena kuti ameneyo ndi thumba limodzi kapena awiri a ufa wa makilogalamu 25, zimene mnyamata aliyense anyamula. Koma thumba la ufa ndi lofewa ndipo mulinyamula muli ciriri. Giyabokosi ndi yoterera ndi mafuta, yolemera mbali imodzi, ndipo muilandira mutagona cagada, manja ali m'mwamba. Alipo amakanika amene amailandirira pa cifuwa nanyadira mphamvu zao. Ine sindiwatamanda. Pa Land Rover zakale, pomwe giyabokosi iri pamodzi ndi bokosi lina logawira mphamvu ku magudumu onse anai, kulemera kuposa apa ndithu, ndipo kawiri-kawiri amacotsa mipando ndi zitsulo za pansi, naitulutsira m'mwamba, kudzera pa khomo.

Giyabokosi itacoka, kilachi iri poyera. Fumbi lakuda lodzala m'belu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Mapuleti akale anali kupangidwa ndi asibesitosi, mwala wa ulusi umene fumbi lace likalowa m'mapapo limabweretsa matenda osacirika patapita zaka zambiri. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Mabawuti a puleti yopanikiza amasulidwe pang'ono-pang'ono, ili kenaka la kutsidya kwace, kuti masipiring'i amasuke mofanana. Yang'anani nkhope ya fulaiwilo: ikakhala ndi ming'alu kapena mawanga a buluu a kupsa, ipite kukapalidwa pa makina. Kuseri kwace kukakhala oilo, mphira yochinga oilo wa injini yatha, ndipo nthawi yoisintha ndi yomweyi, cifukwa oilo akagwera pa puleti yatsopano aiononga.

Pano ndinene maganizo anga. Kilachi iri ndi ziwalo zitatu zimene zikalamba pamodzi: puleti, puleti yopanikiza, ndi bering'i yokankha. Palinso kabering'i kakang'ono pakati pa fulaiwilo, momwe nsonga ya kashafuti kaja ikhala. Ndalama zikacepa, munthu amayesedwa kugula puleti yokha. Ndimvetsa, pakuti ndalama ndi zobvuta kupeza. Koma bering'i ndiyo yochipa pa zonse, ndipo ikayamba kulira patapita miyezi itatu, giyabokosi yonse iyenera kutsikanso. Wosintha zonse pamodzi agona pansi pa galimoto kamodzi.

Kubweza ndiko kumene kuyesa mtima wa munthu. Puleti ya kilachi iri ndi nkhope ziwiri zosiyana. Mbali imene pakati pace patukuka kwambiri nthawi zambiri iyang'ana ku giyabokosi, ndipo mapuleti ambiri alembedwa mbali yoyang'ana ku fulaiwilo. Yoikidwa cagada imalowa ndithu, koma sigwira nchito, ndipo mudzazindikira zimenezi mutamanga zonse. Cina ndi ici: puleti yopanikiza ikamangidwa, puleti ya m'kati singasunthenso, motero bowo lace liyenera kukhala litalunjika ndendende pa kabering'i ka pakati pa fulaiwilo. Likaphonya ndi milimita imodzi kapena ziwiri, kashafuti sikalowa ngakhale mukankhe mpaka dzuwa kulowa. Amakanika amasunga kashafuti kakale ka giyabokosi yakufa kuti azilunjikitsira. Amene alibe, aseme kamtengo kowongoka, nsonga yace yokwana m'kabering'i, thunthu lace lokwana m'bowo la puleti, napombapo tepi pomwe pacepa. Kamtengoko kali m'malo, mabawuti amangidwe mopingasana, pang'ono-pang'ono, kufikira pa mphamvu imene buku la galimotoyo linena. Pali sipanala yapadera yoyezera mphamvuyo, ndipo ndi bwino kuibwereka. Pa mizere ya kashafuti papakidwe girizi wocepa kwambiri, wongonyezimiritsa, pakuti woculuka amawazikira pa puleti.

Giyabokosi ikwezedwe pa jeke mpaka nkhope ya belu iyang'anizane ndi msana wa injini, mpata pakati pa ziwirizo uli wofanana pamwamba, pansi ndi m'mbali. Mpatawo ndiwo ukuuzani ngati mwalunjika. Amisiri ena amatenga mabawuti awiri aatali, nadula mitu yace, nawamanga ku injini kuti giyabokosi itsetsereke pa iwo ngati sitima pa njanji. Kashafuti kakafika pa puleti nikakana kulowa, ndiye kuti mizere yace yakumana mutu ndi mutu ndi ya puleti. Lowetsani giya, zungulitsani pang'ono shafuti ya kumcira ndi dzanja, ndipo mudzamva zitagwirana. Giyabokosi yolunjika bwino imafika yokha ndi mphamvu ya manja, nikhala pa tizikhomo tiwiri tacitsulo tochulukira pa injini, ndi kamkokomo kakuti khu.

Yesero lalikulu lifika pamene patsala mpata wa cala cimodzi, dzuwa liri kupendeka, msana uli kuwawa. Mtima umanena kuti: lowetsa mabawuti, ukoke nawo. Musatero. Mabawuti ali ndi mphamvu yoposa ya anthu khumi, ndipo samva kuti cina capingasa m'kati. Wokoka nawo amapinda puleti yatsopano, amaphwanya kabering'i, kapena amang'amba belu, limene pa magalimoto ambiri ndi la aluminiyamu. Bwezani giyabokosi kumbuyo, pumulani, imwani madzi, yambaninso.

Belu litakhala ndi kumangidwa, zotsala zibwerera mwa dongosolo lobwerera m'mbuyo: mtanda coyamba, ndipo pokhapo jeke ya pansi pa sampu icoke, popeza injini yapezanso fuwa lace. Kenaka sitata, kasilinda ka kilachi, mawaya, puropushafuti pa mzere wace wa penti, ndi ndodo ya magiya. Oilo wa magiya ndi wocindikala ndi wa fungo lamphamvu, wolembedwa 80W-90 kapena 75W-90 pa cigubu. Alowa malita 2 ndi kuposerapo pang'ono, ndipo muyeso wace ndi wapafupi: galimoto iri yosapendekeka, muthira mpaka oilo ayambe kusefukira pa bowo lothirira. Giyabokosi iribe nyale yocenjeza kuti mulibe oilo. Yoiwalidwa imayenda makilomita owerengeka, nilira, niuma. Waya wa batire ndiwo womariza. Yang'anani katoni ija. Isatsale ndi bawuti ngakhale limodzi.

Galimoto itatsika pansi, ponda-pondani kilachi injini isanalizidwe, mumve ngati ibwerera bwino. Lizani injini giya iri pa fulii, kutsogolo ndi kumbuyo kulibe munthu. Pondani kilachi, dikirani pang'ono, lowetsani rivesi. Pa magalimoto akale giya imeneyi iribe mphete zija zolinganiza liwiro la magiya, zimene kampani ya Cadillac inayamba kuika m'magalimoto ace mu 1928, motero ndiyo inena zoona: ikalowa mwakacetecete, kilachi iri kumasuka bwino, ikakukuta mano, cina sicinakhale. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu, ndipo m'mawa mwace muyang'ane pansi ngati pali madontho.

Magalimoto ang'ono-ang'ono ambiri amene muona m'miseu yathu, ogulidwa ku Japan atagwirako kale nchito, ndi a mtundu wina. Toyota Corolla inasamukira ku dongosolo limeneli mu 1983: injini igona copingasa, giyabokosi iri pambali pace, ndipo magudumu a kutsogolo ndiwo akoka. Pamenepanso injini itha kutsala, koma fuwa lobwereka kawiri-kawiri licokera kumwamba: mtanda wolimba ugonekedwa pamwamba pa cipinda ca injini, injini nipacikidwa pa iwo ndi unyolo. Mashafuti awiri opita ku magudumu ayamba kucoka, ndipo giyabokosi itulukira cam'mbali. Ambiri a magalimoto amenewa ndi a otomatiki, osintha okha magiya. M'malo mwa kilachi ali ndi citsulo cobulungira ngati dzungu, codzala mafuta, cochedwa torque converter. Cimeneci cimasulidwe ku injini kudzera pa kawindo ka pansi pa belu, bawuti limodzi-limodzi mukuzungulitsa injini ndi dzanja, kuti cituluke pamodzi ndi giyabokosi. Pobweza, ciyambe calowa m'giyabokosi mpaka pansi peni-peni, mukucizungulitsa. Cikatsalira kunja pang'ono, pomanga belu ciphwanya pampu ya mafuta ya m'kati. Giyabokosi ya otomatiki ilemeranso kuposa ya dzanja.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa tulukani ndi ana pabwalo. Tengani matabwa awiri aafupi, muwamange pamodzi mutu ndi mutu. Limodzi likhale injini, linzace giyabokosi. Ikani miyala iwiri pansi pa loyamba, cakutsogolo, ndi umodzi pansi pa mcira wa laciwiri. Mwana mmodzi amasule thabwa laciwiri, anzace aone cimene cicitikira loyamba, ndipo apeze okha pamene mwala wobwereka uyenera kuikidwa. Kenaka tembenuzani njinga cagada, ana awerenge mano a magudumu onse awiri, agawe nambala yaikulu ndi yaing'ono, ndi kuyesa yankho lao pozungulitsa copalasira kamodzi. Zala zikhale kutali ndi unyolo. M'mabuku mwao awerengere ici: gudumu la mano 12 liyendetsa la mano 42, laling'ono likazungulira nthawi 700, lalikulu lazungulira kangati?

Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi.